Tchuthi ku Lilongwe, makiyi a kuntchito ndi mabuku awiri osatsegula

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi ena a konkuno ku Salima. Chaka chino anawakweza kukhala kapitawo pa chigayo china cha mpunga, ndipo akuyang'anira antchito 9. Ana awo atatu sanapondeko mu Lilongwe, choncho iwo ndi bambo a kunyumba analonjeza kuti sukulu zikatsekera mu Ogasiti akakhala masiku anayi kwa alamu awo ku Area 25. Funso lawo linali ili: "Ndikuopa kuti ndikachoka zinthu zisokonekera pantchito. Komanso ndinagula mabuku awiri ophunzitsa utsogoleri koma sindinawatsegule n'komwe. Kodi ndiwanyamule ndikawerengere komweko, kapena ulendowu ndiyambe ndausiya mpaka ntchito itakhazikika?"

Amayi, pitani. Ana munawalonjeza kale, ndipo ntchito ya chigayo sidzakhazikika mmene mukuganiziramo. Lero lamba waduka, mawa magetsi azima, mkuja wina ali ku maliro. Tchuthicho si chifundo cha abwana ayi. Lamulo la ntchito la dziko lino, Employment Act la 2000, limati wogwira masiku 6 pa sabata apume masiku osachepera 18 pa chaka akulandira malipiro, ndipo wogwira masiku 5 apume masiku 15. Masiku anayi anuwo ndi ochepa kwambiri pa zimene zili zanu kale.

Koma chimene chandigwira mtima m'kalata yanu ndi mantha aja, chifukwa ine ndinali nawo. Zaka zapitazo ndinkayang'anira nyumba yosungiramo katundu pakampani ina ku Nkhotakota. Nditatenga banja kupita ku Lilongwe, makiyi a chipinda cha matumba ndinapita nawo m'thumba la buluku. Sindinaiwale, ndinachitira dala, poti ndinkati palibe amene ndingamukhulupirire. Tsiku lachiwiri tili pa chiliza cha Kamuzu ku City Centre, munthu wotionetsa malo akufotokozera ana za mkulu uja, foni inalira. Lole yabwera kudzatenga katundu, chitseko n'chokhoma. Ndinatuluka panja, n'kuyamba kuzungulirazungulira pa kapinga foni ili kukhutu, mphindi makumi anayi zathunthu. Pobwerera ndinapeza mwana wanga wamkazi wakhala pa masitepe, nsapato wavula, chibwano chili m'manja. Anangoti, "Adadi, mwamaliza ntchito?" Lole ija inabwerera yopanda kanthu, anyamata anga anakalipiridwa pa mlandu umene sunali wawo, ndipo mwana uja mpaka lero akakumbuka ulendo umenewo amakumbuka masitepe aja. Mapanga awiri anandivumbwitsa ndithu.

Ndiye ntchito yanu yeniyeni ili m'masabata amene atsalawa, musanakwere minibasi. Mwa anthu 9 aja sankhani mmodzi woti adzagwire udindo wanu mukachoka, ndipo mumutchule pamaso pa onse, abwana akudziwa, kuti pasadzakhale woti "ine sanandiuze". Musasankhe chifukwa ndi wa kumpingo kwanu kapena amakusekererani. Onani amene sikelo yake siikanganitsa makasitomala, amene akalakwitsa amanena yekha. Mukatero yambani kumusiyira zinthu inu mudakali pompo. Lachiwiri lina atsegule ndi kutseka yekha, alembe matumba olowa ndi otuluka, awerengere ndalama, inu mungoyang'ana m'buku madzulo. Adzalakwitsa, ndipo ndi bwino alakwitse inu muli pafupi. Mulembereni papepala zimene angagamule yekha, monga kugula dizilo wa jenereta magetsi akazima kapena kuitana makaniko, ndi zimene ayenera kufunsa, monga kupereka mpunga pangongole. Pa ngongole pokhapo musanyengerere, chifukwa amalonda ena amadikira dala kuti kapitawo achoke. Gwirizanani nthawi imodzi yoimbirana, tinene 6 koloko madzulo. Makiyi mumupatse m'manja.

Za mabuku tsopano. Nyamulani limodzi, linalo litsale. Ine mabuku oterewa ndawerengapo angapo ndipo anandithandiza, koma muwerenge maso ali otseguka. Ambiri analembedwa ndi anthu a ku America kapena ku Britain, poganizira maofesi amene wantchito amaitana bwana wake ndi dzina loyamba n'kumutsutsa pamsonkhano popanda vuto. Buku likakuuzani kuti funsani antchito anene maganizo awo momasuka, n'zoona, koma inu mukudziwa kuti bambo wa zaka 55 amene wagwira chigayo kuyambira inu muli ku pulayimale sadzayankhula pagulu pamaso pa anyamata. Adzangoti "zili bwino, madamu". Mukafuna kumva za mumtima mwake mumupeze payekha, mumupatse ulemu wake, muyambe mwafunsa za kumunda ndi za ana. Mabukuwo sanena kanthu za wantchito amene wapempha masiku atatu a maliro kachitatu mwezi umodzi, ndipo maliro onsewo ndi enieni. Sanena za azakhali amene abwera ndi mwana wawo kuti mumulembe ntchito poti tsopano ndinu akuluakulu. Zimenezo mudzaziphunzira kwa akapitawo anzanu ndi kwa anthu anu omwewo.

Chimene mabukuwa amachita bwino ndi kukupatsani mawu a zinthu zimene mumaziona kale koma simunazitchule, makamaka nkhani yogawira ena ntchito ndi yodzudzula munthu osamuchotsa ulemu. Tsegulani pa mndandanda wa mitu, musankhe mutu umodzi wokhudza kugawa ntchito. Muwerenge m'mamawa ana asanadzuke, tiyi ali pambali, masamba asanu kapena khumi basi. Pambali pa tsamba lembani ndi pensulo dzina la wantchito amene mfundoyo ikumukhudza. Mfundo imene simukuipezera dzina, idutseni. Ana akadzuka, buku m'chikwama.

Ulendo wokha si wautali, ndi makilomita pafupifupi 100 pa msewu wa M14, kukwera mapiri a ku Mvera, kudutsa pa Chezi mpaka kukalowa mu M1. Nyamukani m'mawa, ndipo musaiwale majuzi. Ife a kunyanja timazolowera kutentha, koma Lilongwe ali pamtunda wopitirira mamita 1,000, ndipo m'mawa wa Ogasiti mwana wa ku Salima amanjenjemera mano gwedegwede. Kwa alamu musapite chimanjamanja. Thumba laling'ono la mpunga wa Kilombero ndi usipa wouma zimasangalatsa anthu a m'tauni kuposa china chilichonse chimene mungagule m'sitolo, ndipo masiku anayi a pakamwa pasanu si katundu wochepa pa bajeti ya eni nyumba.

Musadzaze masiku onse ndi malo okaona. Chiliza cha Kamuzu, amene anamwalira mu 1997, chili pafupi ndi nyumba ya malamulo imene inatsegulidwa mu 2010, ndiye zonsezi ndi za m'mawa umodzi. Wamkuluyo akaone ndi maso zimene amaloweza m'kalasi, kuti likulu linasamuka ku Zomba kubwera kuno mu 1975. Ngati kuli mpira pa Bingu National Stadium, bambo atenge anawo. Lilongwe Wildlife Centre ili ndi nkhalango yozizira bwino m'mbali mwa mtsinje wa Lingadzi, koma ana amene anaona kale mbidzi ku Kuti, malo osungirako nyama a ku Salima, sadzadabwa ndi mitengo. Chimene chidzawadabwitse ndi tauniyo: maloboti, msewu wodutsa pamwamba pa unzake pa Area 18, phokoso la m'depoti, timilatho tamatabwa tolumikiza misika pa mtsinje wa Lilongwe pamene umalipira kandalama kuti uoloke. Wanga wamng'ono, pa ulendo wachiwiri umene ndinasiya makiyi, anaoloka kamlatho kotero atandigwira chala mwamphamvu, matabwa akulira pansi pa mapazi, ndipo titafika tsidya linalo anapempha kuti tibwerezenso. Ndinalipira kachiwiri mosangalala. Mumsikamo agwireni padzanja, foni ikhale mkati mwa chikwama.

Mukabwerako, tsiku loyamba musathamangire buku la ndalama ngati wapolisi. Khalani pansi ndi amene munamusiyira uja, mumufunse zimene zinachitika ndi mmene anaziganizira. Mudzapeza kuti china anachita mosiyana ndi mmene inu mukanachitira. Ngati mpunga sunasowe ndipo kasitomala sanadandaule, chisiyeni chikhale choncho, ndipo mumuyamikire anzake akumva. Kiyi mmodzi, wa chitseko cha kutsogolo, musamulandenso.