Kodi Raiders inagula chimanga chofumbwa?

FUNSO: Akulu a tsamba la masewera, ine ndine mnyamata wa zaka 24, ndimakonza mafoni pa Kamuzu Road kuno ku Salima. Ndinayamba kusapota Las Vegas Raiders chifukwa cha kapu yakuda imene ndinatola pa kaunjika, kenako n'kuyamba kuonera mpira wa ku America pafoni mpaka ndinakodwa nawo. Chikundisowetsa mtendere ndi Tyree Wilson. Tinamusankha pa nambala 7 mu draft ya 2023, koma m'zaka zake ziwiri zoyamba, 2023 ndi 2024, anagwetsa quarterback ka 8 kokha. Mnzanga wakabaza, wosapota Philadelphia Eagles, akuti ameneyu ndi bust basi, ndipo tinabetcherana chambo chowotcha cha ku Senga Bay. Ndilipire? Wokhumudwa, Salima.

YANKHO: Achimwene, chambocho musagule kaye. Komanso musamuuze mnzanuyo kuti mwapambana, chifukwa penapake akunena zoona.

Ndiyambe ndathandiza owerenga amene mpira umenewu amangouona ngati ndewu ya anthu ovala zipewa zolimba. Mu ligi ya NFL, imene ili ndi matimu 32, osewera ochokera ku makoleji sagulidwa ngati momwe Bullets kapena Silver imagulira wosewera kuno. Mwezi wa Epulo matimu amasankha mosinthana, ndipo imene inachita moipa kwambiri chaka chathacho ndiyo imayamba. Imeneyo ndiye draft. Tyree Wilson ntchito yake ndi yothyola mpanda wa anthu otchinga kuti akagwetse quarterback, woponya mpira uja, mpirawo usanachoke m'manja mwake. Akamugwetsa amati sack, ndipo akamugwetsa awiri amagawana theka theka. N'chifukwa chake Wilson amalembedwa kuti anapeza 3.5 mu 2023 ndi 4.5 mu 2024. Bust ndi wosewera amene anasankhidwa koyambirira ndi chiyembekezo chachikulu koma osabala kanthu.

Mawu amodzi amenewa akubisa mafunso awiri, ndipo inu ndi wakabaza uja mukukangana chifukwa aliyense akuyankha lake. Loyamba n'lakuti, kodi Raiders inapindula ndi nambala 7 ija? Pa zaka ziwiri zoyambazo, ayi. Mnzanuyo ali ndi chokutosani nacho m'maso, popeza Jalen Carter anali asanatengedwe pamene Raiders imasankha, ndipo Eagles inamutola pa nambala 9 n'kukatenga naye Super Bowl, gemu yomaliza yolimbirana chikho cha NFL, mu Febuluwale 2025. Chinanso chowawa chinachokera m'nyumba mwanu momwemo: Maxx Crosby, amene timu yomweyo inamupeza mu raundi yachinayi mu 2019 anthu ataleka kale kuombera m'manja, anapeza ma sack 10 m'chaka chake choyamba chokha. Koma mlandu umenewo ndi wa anthu osankha. Mwanayu sanadziike yekha pa nambala 7.

Funso lachiwiri, lakuti kodi watheratu, ndi limene mwabetcherana, ndipo apa ndikukana.

Kumbukirani mmene anafikira. Anavulala phazi mu Novembala 2022 akusewerera timu ya koleji ya Texas Tech, anachitidwa opaleshoni, ndipo anzake akuphunzira ntchito iye anali akuchira. Pamalo pake panayenera kukhala Chandler Jones, wamkulu wodziwa ntchito, kuti mwanayu azilowa pang'onopang'ono, koma Jones anachotsedwa mu Seputembala 2023 asanasewere gemu ngakhale imodzi ya chaka chimenecho. Mphunzitsi wamkulu Josh McDaniels anachotsedwanso chaka chisanathe, analowa Antonio Pierce, nayenso mu Januwale 2025 anapita. Sindikumuikira kumbuyo pa zonse ayi. Mnyamatayu ndi wamtali pafupifupi mamita 2, wamanja ataliatali, koma chimene ambiri anamudandaula nacho m'chaka choyamba n'chooneka ngakhale pafoni yanu yong'aluka galasiyo: mpira ukanyamuka, iye amanyamuka mochedwa. Quarterback nthawi zambiri amauponya mpira masekondi atatu asanakwane. Ukachedwa ndi kuphethira kumodzi, umafika pamalo fumbi lokha litatsala.

Za nambala ya ma sack, ndikufunseni: munakumbapo mbewa? Ife tili ana kuno ku Nkhotakota tinkapita atatu m'minda mutakololedwa. Wina amagwada ndi khasu pa una, thukuta kamukamu, dothi m'maso. Wina amangokhala chete pa mbuli ndi chikwapu. Mbewa ikapanikizika imatulukira pa mbuli paja, ndipo madzulo kumudzi amatamidwa ndi wachikwapu uja kuti ndiye wapha zambiri. Sack imayenda choncho. Nthawi zambiri wina amathyola mpanda, quarterback n'kuthawira m'manja mwa mnzake, dzina n'kulembedwa la mnzakeyo. Pa magemu 17 a pachaka munthu amathamangira quarterback kambirimbiri, ndipo kusiyana kwa ma sack 4 ndi 8 ndi mipata inayi yokha. Ndiye mukamaonera, siyani kutsata mpira ndi maso. Muyang'ane iyeyo. Kodi womutchinga akubwerera cham'mbuyo? Kodi akakanika njira yoyamba ali ndi yachiwiri, kapena amangokankha ngati ng'ombe yapangolo mpaka wezulo? Ndipo pa third down, mpata wachitatu mwa inayi imene timu imapatsidwa kuti ipite patsogolo ndi mpira, pamene aliyense akudziwa kuti mpira uponyedwa, aphunzitsi akumusiya m'bwalo kapena akumuitana kubenchi? Chomalizachi ndicho chimandiuza zambiri, chifukwa aphunzitsi amalankhula zokoma pamaso pa atolankhani koma pa third down sanama.

Bust weniweni alipo, kuti muone kusiyana kwake. Vernon Gholston anasankhidwa ndi New York Jets pa nambala 6 mu 2008, thupi ngati losema. Anasewera zaka zitatu osapeza sack ngakhale imodzi, mu 2011 n'kuchotsedwa. Uyo ndiye chimanga chofumbwa, ukachipera umangopeza gaga. Wilson wanu ndi 8 yake sanafike pamenepo.

Tsono wakabaza wanuyo mumufunse ngati akumudziwa Brandon Graham, popeza akuti ndi wa Eagles. Timu yakeyo inakwera dala mu draft ya 2010 kuti imutenge pa nambala 13, n'kusiya Earl Thomas ndi Jason Pierre-Paul amene anatengedwa motsatizana pambuyo pake n'kuwala msanga. Graham anapeza ma sack 3, bondo n'kuduka mtsempha, chaka chotsatira anasewera magemu atatu okha. Masapota a ku Philadelphia anamutcha bust kwa zaka. Pa Super Bowl ya mu Febuluwale 2018, kutatsala mphindi ziwiri ndi timasekondi, ndi Graham yemweyo amene anamenya mpira m'manja mwa Tom Brady, quarterback wa New England Patriots, Eagles n'kupambana 41-33, chikho chawo choyamba cha Super Bowl. Gemu yonseyo sack inali imodzi yokhayo. Kuno nthawi inali m'bandakucha wa Lolemba, ndipo ine ndinakuwa mpaka mayi akunyumba anatuluka ndi tochi poganiza kuti fisi walowa m'khola la mbuzi.

Amene amandikhudza kwambiri ine ndi Haason Reddick, chifukwa cholakwa chimene anamuchitira ndinachichitapo ndekha. Arizona Cardinals inamutenga pa nambala 13 mu 2017 n'kumamuseweretsa pakati, malo amene sanali ake. Zaka zitatu zinapita choncho, timu n'kukana kumuwonjezera chaka chachisanu. Mu 2020 atamubwezera kumphepete, anapeza ma sack 12.5, asanu mwa iwo mu gemu imodzi yolimbana ndi New York Giants. Ine ndikuphunzitsa pasukulu ina ya pulayimale kufupi ndi Dwangwa, ndinali ndi mnyamata wamtali kuposa ine ali Sitandade 7. Ndinangomuyang'ana kutalika n'kumuponya pagolo. Matemu awiri athunthu mipira inkamudutsa m'miyendo, anzake akumunena kuti ndi dengu lobooka, inenso ndikumukalipira. Tsiku lina wakumbuyo wathu anadwala malungo, ndinamuika mnyamatayo pa nambala 5 chifukwa chosowa pogwira, ndipo mpira wam'mwamba sunadutsenso. Ndinachita manyazi ndekha pobwerera kunyumba. Nkhani ya malo imamukhudzanso Wilson, popeza munthu wathupi lotero nthawi zina amachita bwino akamuika chamkati, maso ndi maso ndi otchinga afupiafupi, kusiyana ndi kumuthamangitsa mozungulira kumphepete kumene kumafuna liwiro.

Pali tsiku loti mlandu wanu udzagamulidwe popanda ine. Kuyambira 2011, wosankhidwa mu raundi yoyamba amasaina kontirakiti ya zaka zinayi, ndipo akamaliza chaka chachitatu timu imayenera kunena ngati ikufuna kumusunga chachisanu pa malipiro okwera. Kwa ana a draft ya 2023, nthawiyo ndi kumayambiriro kwa Meyi 2026. Jacksonville Jaguars inadutsa njira yomweyi ndi Travon Walker, nambala 1 wa 2022, amene anayamba ndi 3.5 ngati Wilson, anthu akumunyoza pomuyerekeza ndi Aidan Hutchinson, amene anasankhidwa pa nambala 2. Iye anakwera kufika pa 10 kenako 10.5, timu n'kumusunga. Apa pokha ndiye pakundidetsa nkhawa, achimwene: Walker analumpha m'chaka chachiwiri, pamene Wilson wanu anangosuntha phazi limodzi.

Ndiye mugwirizane chonchi ndi wakabazayo. Raiders ikamusunga chaka chachisanu, chambo agule iyeyo. Ikakana ndipo ma sack a chaka chachitatu osapitirira asanu, mugule inuyo, koma mumuuze kuti akunyamuleni ulere kuchokera pa Kamuzu Road mpaka ku Senga Bay, kupita ndi kubwera.