Agogo anu anachoka ku Dedza: muyambire pati kufufuza?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wobadwira ku Kadoma, ku Zimbabwe. Akuti agogo awo aamuna anachoka ku Nyasaland akadali mnyamata, nakamwalira osabwererako. Chomwe banja likudziwa n'chakuti anali a Phiri ochokera ku Dedza. Funso lawo: kodi zikalata zakale za boma zosungidwa ku Zomba zingawathandize kupeza abale?

Mayi, kalata yanu yandikhudza, chifukwa pafupifupi mudzi uliwonse kuno uli ndi mtchona wake amene ankamudikira mpaka okalamba anatha. Koma ku Zomba musathamangireko kaye.

Dzina la Phiri palokha silikufikitsani patali. Ndi mfunda, ndipo a Phiri ali ponseponse, ku Malawi, ku Chipata, ku Tete. Dedza nayo ndi yaikulu: kuli kwa Kachere, kwa Kaphuka, kwa Kasumbu, kwa Kachindamoto kumunsi kunyanja, ndi kwina. Chofunika ndi dzina la mudzi ndi la mfumu. Choncho yambirani kwanu konko. Tsegulani sutikesi yakale ija, mufunefune chitupa cha agogowo, khadi la ku mgodi kapena ku famu, ngakhale envulopu yong'ambika. Pa zitupa zija kawirikawiri ankalemba mfumu ndi boma lochokera. Funsaninso achikulire a m'mabungwe a maliro a anthu ochokera ku Malawi. Iwo ankadziwana kuti uje kwawo n'kwakuti.

Mukapeza mudzi, kumbukirani kuti kwa Achewa munthu kwawo n'kuchikazi. Mukafika n'kumafunsa za bambo a agogo anu, mwina adzakuuzani kuti ameneyo anali mkamwini chabe, anabwerera kwawo. Funsani dzina la mayi a agogo anu, alongo a agogowo, ndi amalume amene anali mwini mbumba. Ana a alongo awowo ndiwo ali pamalopo lero.

Ine ndinaphunzira izi mochedwa. Ndikufufuza za agogo anga, ndinakhala pamkeka masiku atatu ndi azakhali okalamba, iwo akutong'ola chimanga. Tsiku loyamba anati sakumbuka kanthu. Lachitatu, nditatchula dzina lachibwana la agogowo m'malo mwa la ubatizo, anaika chitsononkho pansi, nayamba kutchula bere lonse mmodzimmodzi, mpaka mtsinje umene ankatungako madzi asanasamuke. Mayina ankasintha: la kubadwa, la kuchinamwali, la kutchalitchi, lina la kuntchito loperekedwa ndi kapitawo. Lembani onse, ndipo jambulani mawu pafoni mutapempha chilolezo.

Mukafike kaye kwa amfumu, muli ndi kenakake m'manja. Kumanda musalowe nokha. Ndi malo olemekezeka, ndipo m'midzi yambiri ndi komwenso kuli dambwe.

Kenako mabuku a mipingo. Mishoni ya Mua inayamba mu 1902, ya Nkhoma mu 1896, ndipo kulinso Bembeke. M'kaundula wa ubatizo ndi maukwati mumapezeka makolo ndi mudzi, pomwe boma silinkalemba ana obadwa kumudzi nthawi imeneyo. Pa tchalitchi china ndinagwirapo buku lotere, m'mphepete mwake chiswe chitadya, mayina ena atapita nacho. Zinandiwawa. Mukaloledwa, jambulani masambawo n'kusiyira mpingowo zithunzi zake.

Tsopano ku Zomba. National Archives of Malawi, nyumba yosungira zikalata zakale za boma, inakhazikitsidwa mu 1947, koma moto wa mu 1919 unali utapsereza kale zikalata zambiri za boma zoyambirira. Zotsala, monga mabuku a ma DC ndi malipoti a pachaka, zimanena za mafumu, msonkho, njala ndi kusamuka kwa midzi. Dzina la agogo anu mwina simulipeza, koma mudzamva chimene chinkathamangitsa anyamata kupita ku Halale. Laibulale ya Society of Malawi ku Mandala House, ku Blantyre, ili ndi mabuku ndi zithunzi zakale.

Ngati ku Kadoma kukadali wachikulire amene anadya nsima ndi agogo anu, pitani mukamuone mwezi uno, musadikire Khirisimasi. Mukamva dzina la mudzi, mundilembere.