Mwana wanu asakafikire kukazinga nyama ku Gujarat

Mayi, mwana wanu amene akupita kukaphunzira ku Ahmedabad, mzinda wa m'chigawo cha Gujarat ku India, mumuuziretu kuti zimene mwamvazo, zoti Ahindu amalemekeza ng'ombe ndipo safuna kuti nyama yake idyedwe, si nkhambakamwa, chifukwa ine zinanditulutsa m'nyumba usiku ndi katundu wanga yemwe, mumzinda womwewo.

Ndinkachita lendi chipinda chapamwamba kwa bambo wina wachihindu, munthu wooneka wofatsa, amene m'mawa uliwonse ankatenga chapati choyamba kuphikidwa pakhomo pake n'kukadyetsa ng'ombe yoyendayenda mumsewu, kenako n'kuisisita pamsana ndi kudzigwira pamphumi. Loweruka lina nkhuli itandivuta ndinakagula nyama ya njati kubutchala ya Asilamu, nyama imene imagulitsidwa poyera popeza njati zoweta za kumeneko sizipatsidwa ulemu wa ng'ombe. Ndinali nditangoikazinga ndi anyezi, madzi a nsima ali pamoto, pamene chitseko chinayamba kumenyedwa. Potsegula ndinapeza masitepe onse atadzaza amuna, ena akundijambula ndi mafoni, mmodzi atagwira ndodo, ndipo mwininyumba anali patsogolo akuloza poto wanga chala chikunjenjemera. Chigujarati sindinkachimva, koma mawu akuti "gau mata", kutanthauza "mayi ng'ombe", ankabwerezedwa mokuwa, ndipo mnyamata wina ananyamula potoyo ndi chinsanza atatembenuzira nkhope kumbali. Miyendo inandizizira, chifukwa ndinkadziwa kuti mu 2015 gulu la anthu linapha bambo wina ku Dadri, m'chigawo cha Uttar Pradesh, pa mphekesera chabe yakuti m'nyumba mwake munali nyama ya ng'ombe, ndiponso kuti kuyambira 2017 lamulo la Gujarat limalola kuti wopha ng'ombe akhale kundende moyo wake wonse.

Amene anandipulumutsa ndi mphunzitsi wanga, mayi wachihindu amene sanalawepo nyama chibadwire. Nditawaimbira foni anathamangira kupolisi kumene ananditengera, anakakamira kuti apolisi apite nane kwa wabutchala, ndipo iye atachitira umboni kuti inali njati anandimasula. Koma mwininyumba uja, ngakhale anamva zonsezi, anandiponyera zikwama panja usiku womwewo ndipo ndalama yanga yachikole sanabweze mpaka lero, ati anaigwiritsa ntchito poyeretsa nyumba. Zimandiwawabe, chifukwa munthu yemweyo ankadutsa tsiku ndi tsiku ng'ombe zowonda zikudya mapulasitiki padzala, zimene eni ake anazitaya zitasiya kutulutsa mkaka, koma sindinamuonepo akusonkhanitsa anthu ndi ndodo chifukwa cha zimenezo. Mkwiyo wake anausungira mlendo wopanda womuyankhulira, m'dziko limene lili pakati pa mayiko ogulitsa kwambiri nyama ya njati kunja.

Komabe musaganize kuti chikhulupiriro chawocho n'chachiphamaso. Mphunzitsi uja, amene anandisunga pakhomo pake kufikira nditapeza malo ena, anandifotokozera kuti kwa Ahindu mzimu umene uli mwa munthu ndi womwewo umene umabadwanso m'matupi a zamoyo zina, n'chifukwa chake chiphunzitso cha ahimsa chimaletsa kuvulaza cholengedwa chilichonse. Ng'ombe ili patsogolo pa zonse chifukwa imayamwitsa banja ngati mayi, mafuta a mkaka wake ndi amene amayatsira nyale popembedza, ndipo ndowe zake amakoleza nazo moto ndi kuzira nazo m'nyumba kumidzi. Mulungu wawo Krishna anakula akuweta ng'ombe, ndipo m'kachisi wa mulungu wina, Shiva, mumapeza chosema cha nkhunzi yotchedwa Nandi itagona moyang'ana malo opatulika. Ngakhale malamulo aakulu a India, amene anayamba kugwira ntchito mu 1950, m'gawo 48 amalangiza boma kuti liletse kupha ng'ombe ndi ana ake, ndipo m'madera ambiri muli makola otchedwa gaushala osungiramo ng'ombe zokalamba.

Ulemuwu suthera pa ng'ombe. Anyani amalekereredwa chifukwa cha Hanuman, mulungu wooneka ngati nyani, moti m'tauni ya Vrindavan amatsomphola magalasi kumaso kwa alendo n'kukhala nawo padenga mpaka atapatsidwa chakumwa kapena chipatso, ndipo anthu amangoseka. Mulungu Ganesha ali ndi mutu wa njovu ndipo amakwera khoswe, pa chikondwerero cha Nag Panchami amapereka mkaka polemekeza njoka, pamene ku Deshnoke m'chigawo cha Rajasthan kuli kachisi wa Karni Mata kumene makoswe miyandamiyanda amadyetsedwa ndipo olambira amalowamo atavula nsapato. Ife amene timadya mbewa tiyenera kusamala pakamwa tikamacheza ndi anthu oterewa.

Mwana wanu asapite ndi mantha, popeza Ahindu ambiri amene ndinakhala nawo anali anthu abwino mtima, ndipo India si wofanana paliponse: m'zigawo za Kerala ndi Meghalaya nyama ya ng'ombe imadyedwa m'malesitilanti popanda vuto. Asakadzimanenso nyama ya njati, chifukwa ndi yololedwa, yotsika mtengo kuposa ya mbuzi ndipo ndi nsima imakoma ndithu. Chachikulu n'chakuti asanapereke ndalama ya nyumba akafunse ngati pamalopo amalola kuphika nyama, nsomba ngakhale mazira, ndipo yankho likalembedwe m'pangano la lendi, pakuti ku Gujarat kuli eni nyumba ambiri amene sabwereketsa chipinda kwa munthu wodya nyama. Akapeza ng'ombe itagona pakati pa msewu asakaimenye kapena kuikankha ndi phazi, akangoilambalala monga amachitira oyendetsa magalimoto, ndipo nambala ya mphunzitsi mmodzi wodalirika akaisunge m'foni kuyambira sabata yoyamba.