Kusankha outfitter wokasaka naye agwape ndi uta ku Illinois kapena ku Iowa

Achimwene, mwanena kuti mukufuna kukasaka agwape ndi uta kunja kwa Indiana kuno ku America chaka chamawa, ndipo mwapeza pa intaneti ma outfitter atatu (makampani operekeza alenje ndi kuwapatsa malo osakira), awiri ku Illinois ndi imodzi ku Iowa, koma mwasowa yosankha. Musatumize kaye dipoziti kwa aliyense.

Ya ku Iowa iikeni pambali. Kumeneko mlendo, kutanthauza munthu wosakhala mu Iowa, sagula chiphaso cha uta ngati akugula buledi. Amachita mayere, mafomu amalandira mu Meyi mpaka kumayambiriro kwa Juni, ndipo m'madera abwino munthu amatha zaka zingapo akuunjika mapointi (omwe amawonjezera mwayi wake pa mayerewo) asanapatsidwe. Outfitter amene akulandira ndalama zanu osakufunsani kuti muli ndi mapointi angati, ameneyo mtayeni. Ngati Iowa mukuifunadi, yambani kugula mapointi chaka chino, koma ulendo woyamba ukhale wa ku Illinois, kumene chiphaso cha mlendo sichivuta chotero ndipo nyengo ya uta imatsegulidwa pa 1 Okutobala.

Zithunzi za nyanga zikuluzikulu zomwe mwaziona pa masamba awo zisakutengeni mtima. Aliyense ali nazo, ndipo zina ndi za zaka khumi zapitazo. Chimene chimasiyanitsa kampani yabwino ndi yoipa ndi kuchuluka kwa alenje poyerekeza ndi malo. Madera a Pike, Adams ndi Brown ku Illinois anatchuka kwambiri ndi agwape aakulu, ndiye makampani anadzadzana kumeneko, ena mpaka kumalowetsa gulu latsopano sabata iliyonse pa minda yomweyomweyo kuyambira Okutobala mpaka Disembala. Gwape wamphongo wokhwima si wopusa. Akanunkhiza munthu kawiri katatu pa njira yake, amasiya kuyenda masana, ndipo inu mudzakhala pa nsanja mumtengo masiku asanu mukuona agologolo okhaokha. Choncho afunseni molunjika: muli ndi maekala angati, alenje angati pa sabata, ndipo nsanja imene ndidzakwere ine, ndani anakhalapo sabata yathayo? Afunsenso kuti pa maekalawo nkhalango ndi yochuluka bwanji, chifukwa ku Illinois munthu akhoza kukuuzani maekala zikwi zisanu pomwe ambiri mwa iwo ndi minda ya chimanga ndi soya yomwe pofika Novembala imakhala yokololedwa kale, mbee, popanda pobisala nyama.

Kenako pemphani manambala a foni a anthu amene anasaka nawo chaka chatha koma anabwerera chimanjamanja. Amene anapha adzayamikira basi. Amene sanaphe ndiye angakuuzeni zoona: ngati ankasamutsidwa mphepo ikasintha, ngati wowaperekeza ankawasiya pafupi ndi nsanja mwakachetechete kapena ankabwera ndi galimoto yaphokoso dzuwa litatuluka kale, ngati ankaona agwape aakulu ngakhale patali. Nkhani ya mphepoyi ndiyo ndimaiona yaikulu kuposa zonse. Ndi uta mumalasa pa mayadi 20 kapena 30, nyama ili pafupi moti mukumva masamba ouma akuswekera pansi pa ziboda zake. Mphepo ikangotembenuka n'kutenga fungo lanu kupita kumene akuchokera, mudzangomva kufwenthera kwake, kamchira koyera kali m'mwamba, wapita. Outfitter wodziwa ntchito amakhala ndi nsanja zambiri kuposa alenje ake, ndipo m'mawa uliwonse amayang'ana mphepo asanakuuzeni kokhala.

Sabata yabwino ndi yoyambirira kapena yachiwiri ya Novembala, nthawi yokwerana, pomwe amphongo amayendayenda masana kufunafuna zazikazi. Ndiyonso yodula. Yesetsani kuti mukasake alenje a mfuti asanalowe, poti ku Illinois iwo amayamba Lachisanu lomaliza isanafike Thanksgiving (chikondwerero cha kumapeto kwa Novembala), ndipo akatero nyama zimachenjera.

Mgwirizano muuwerenge wonse. Makampani ambiri amaika malire a kukula kwa nyanga, mainchesi 130 kapena 140 mukaphatikiza miyezo yonse ya nyangazo, ndipo mukalasa wocheperapo mumalipira chindapusa. Kuti muone kukula kwake, bungwe la Pope and Young, losunga mbiri ya nyama zikuluzikulu zophedwa ndi uta, limayamba kulemba m'buku lake gwape wa mainchesi 125. Ngati diso lanu silinazolowere kuyeza nyanga nyama ikuyenda, auzeni poyera, akuonetseni zithunzi za makamera awo kuti mudziwe amene mukuloledwa kulasa. Makampani ena alinso ndi lamulo lawo loti muvi ukatulutsa magazi, ulendo wanu wathera pomwepo, kaya nyamayo yapezeka kaya ayi. Ine lamuloli ndimagwirizana nalo, chifukwa limachititsa munthu kudikira mpata wabwino m'malo molasa mwachisawawa n'kusiya nyama ikuvutika kutchire. Funsaninso ngati mtengowo ukuphatikiza chakudya, pogona, kusenda ndi kusunga nyama, ndipo musungeko ndalama yothokozera wokuperekezani.

Za malamulo ndikupemphani musazitenge mopepuka, makamaka ife amene tili ndi nkhani za mapepala m'dziko muno. Ku Illinois outfitter ayenera kukhala ndi chilolezo cha Department of Natural Resources (nthambi ya boma yoona zachilengedwe), ndiye imbani foni kumeneko mutsimikize dzina lake. Kuika nyambo ya chimanga kapena mchere n'koletsedwa ku Illinois ndi ku Iowa. Mukafika pa nsanja n'kuona mulu wa chimanga pansi, musakwere, chifukwa wolasa ndi inu ndipo mlandu ndi wanu. Mukawoloka nayo malire a boma (monga kuchoka ku Illinois kulowa Indiana) nyama yophedwa mophwanya lamulo, lamulo la Lacey Act la 1900 limausandutsa mlandu wa boma lalikulu la America. Ku Illinois, ngati munabadwa kuyambira 1980, mutenge satifiketi yanu ya maphunziro a ulenje. Chifukwa cha matenda a CWD (matenda opatsirana a ubongo wa agwape), maboma ambiri amaletsa kapena kuchepetsa kulowetsa mutu ndi msana wa gwape wochokera kwina, choncho werengani malamulo a Indiana musananyamuke ndipo mukonzekere kuchotsa mafupa komweko.

Miyezi yatsalayi muigwiritse ntchito poyeserera kulasa muli pamwamba, mutavala jekete lomwe mudzavale kumeneko ndi lamba wodzimangirira ku mtengo, pogwiritsa ntchito mivi ya nsonga zomwezo zomwe mudzasakire. Mukalandira mayankho a makampani awiri a ku Illinois aja pa nkhani ya maekala ndi alenje, aikeni muno tiwaone limodzi.