Yambani ndi GP10, CF7 idikire kaye

Achimwene mwafunsa kuti muli ndi ka GP9 kakale ka HO (kachifaniziro kakang'ono ka mutu wa sitima wa mtundu wa GP9, pa sikelo ya HO yomwe ndi 1:87, kutanthauza kuchepa ka 87 kuyerekeza ndi sitima yeniyeni) ndipo mukufuna kukasandutsa mutu wa sitima wokonzedwanso, ndiye muyambe ndi mtundu uti wa mitu yokonzedwansoyo, CF7 kapena GP10. Ine ndikuti GP10 basi.

CF7 ija a kampani ya njanji ya ku America ya Santa Fe ankachita kuvula thupi lonse la mutu wakale wa mtundu wa F7 ku Cleburne, Texas, nkumanganso lina pamwamba pake, anapanga 233 m'zaka za m'ma 1970, ndiye pa GP9 yanuyo palibe chambiri chomwe mungatolepo, mukhala mukumanga chilichonse kuyambira pansi ndipo ntchito yoyamba ikakula choncho anthu ambiri amangoisiyira panjira. Pomwe GP10 a kampani ina ya njanji ya Illinois Central ankatenga ma GP7 ndi GP9 omwewo ku Paducah, Kentucky, kudula mphuno yakutsogolo kuti ikhale yaifupi dalaivala aziona bwino njanji, kuika fyuluta yampweya pamwamba, ndiye inunso mungotsata zomwe iwo ankachitazo, kungoti pa 1:87.

Koma chachikulu ndi ichi, musagwire sowo musanasankhe sitima imodzi yeniyeni ndi nambala yake. Mitu yokonzedwanso siifanana ayi ngakhale itatuluka mu shopu imodzi, wina magetsi ali pamphuno wina ali pamwamba pa mawindo, wina mapaipi autsi anayi, wina anauchotsa dynamic brake (mabuleki ogwiritsa ntchito mota zamagetsi za sitimayo), ndiye mukasakaniza zithunzi za masitima atatu mupanga chinthu chomwe sichinayendepo panjanji. Pezani zithunzi za nambala imodziyo mbali zonse ziwiri, kutsogolo, kumbuyo, makamaka chapadenga, poti kasitima kakakhala patebulo maso amayamba kugwera padenga pomwepo, ndipo zithunzi zapadengazo ndiye zosowa kwambiri, muzisake modekha.

Podula mphuno dulani motsalira pang'ono, kenako muzitsitsa ndi tupa pang'onopang'ono mukuyeza, chifukwa milimita imodzi pa HO ndi pafupifupi masentimita 9 pa sitima yeniyeni, mukapyola zimaoneka ndithu. Mipata tsekani ndi tizidutswa ta pulasitiki ya styrene ndi guluu wamadzi uja wosungunula pulasitiki, putty (phala lomatira mipata) ikhale yochepa poti imafota ikauma, pakapita masiku mzere umabwereranso pansi pa penti. Mukatha poperani primer (penti yoyambira) yotuwa mopyapyala nkuunika ndi tochi cham'mbali, chipsera chilichonse chionekera pompo. Chipinda cha dalaivala musavutike kuboola mawindo akutsogolo pachakalecho, a Cannon & Company amapanga zigawo za mitu ya EMD (kampani yomwe inapanga GP9 yeniyeni) zomwe zimakhala zaukhondo kuposa zosema pamanja.

Komanso musanayambe zonsezi kaikeni panjanji kaye muone ngati mota ikuyenda bwino pa liwiro lotsika, pukutani mateyala, onani magiya ngati sanang'ambike, timasitima takale ta mtundu wa Proto 2000 timadziwika ndi vuto limenelo. Ndipo yezani ngati chitsulo cholemetsa cha mkatimo chikwane pansi pa mphuno yaifupiyo, nthawi zambiri chimafunika kuchepetsako ndi tupa. Mukasankha nambala tumizani zithunzizo tione limodzi podula.