Modemu ikamati "busy", musathamangire kuiwombola

Achimwene, mwafunsa chifukwa chake script yanu imafa ikalephera kutsegula /dev/ttyUSB0, fayilo yomwe Linux imalumikizirana nayo ndi modemu ya USB, n'kulemba kuti "Device or resource busy". Kawirikawiri amakhala ModemManager, pulogalamu yoyang'anira mamodemu pa Linux: mukangolowetsa modemu, amayamba waifunsa mafunso a AT (malamulo olankhulira ndi modemu) kwa masekondi angapo, ndiye script yanu ikufika iye asanamalize.

Kutsegulako kuikeni mu loop. Ikakana, sleep 2 (idikire masekondi awiri), iyesenso, kenako 4, kenako 8. Koma chonde muike malire, kasanu n'kokwanira, kupanda apo izungulira usiku wonse mpaka log kudzaza disiki. Ndipo izibwereza pokhapokha vuto lili EBUSY, nambala 16, lomwe ndi "busy" uja. Ikanena kuti "Permission denied", kudikira sikuthandiza. Pa Ubuntu dzilowetseni m'gulu la dialout, lomwe limaloledwa kutsegula fayiloyi.

Ikakanabe, lembani sudo fuser -v /dev/ttyUSB0, muona pulogalamu yomwe yaigwira.