Kwa anzathu a ku Zomba amene mwangofika ku UK kukaphunzira uphungu

Achimwene ndi achemwali, ndikulemba ndili kuno ku Zomba, kumene ndinabwerera nditagwira ntchito ya uphungu kumeneko. Pempho langa ndi lakuti musamathere Loweruka lililonse m'nyumba za Amalawi anzanu. Nsima ya pamodzi imatonthoza mtima, pitani ndithu, koma pezaninso nthawi yokhala pakati pa eni dziko: kutchalitchi chawo, kumaliro awo, kumalo osamalira okalamba. Maphunziro enieni a uphungu ali kumeneko.

Mudzaona maliro a anthu ochepa, opanda kulira mokweza, opanda kugona pasiwa. Mtima udzakuuzani kuti anthuwa alibe chikondi. Musafulumire kuweruza. Funsani mwaulemu, ndipo mudzapeza chisoni chomwe chija, chongosungidwa mwanjira ina. Nawonso adzakumvani molakwa. Kwathu kuno mwana woleredwa bwino sayang'ana wamkulu m'maso, koma wokuyang'anirani pa ntchito angaganize kuti mukubisa kanthu kapena simukumvetsera. Zimawawa. Kuwawako musakuiwale, chifukwa ndi momwe amamvera munthu amene wakhala pamaso pa mlangizi wosadziwa mwambo wake.

M'kalasi mudzamva za Milton Bennett, katswiri wa ku America, amene mu 1986 anafotokoza masitepe 6 omwe munthu amadutsa pozolowera chikhalidwe cha ena. Sitepe yachitatu ndiyo imatikola ife anthu opemphera: kunena kuti tonse ndife amodzi, kusiyana kulibe kanthu. Mawuwo ndi okoma, koma mlangizi woganiza choncho amasiya kufunsa. Amauza mtsikana wa ku Leeds kuti akaitane amalume ake pa nkhani ya banja, pomwe iye akufuna kuti chinsinsi chake chisatuluke m'chipindamo.

Zomwe mwachokera nazo kuno musazichitire manyazi. Ku Harare, dokotala wa matenda a maganizo Dixon Chibanda anaphunzitsa agogo aakazi kumvetsera anthu ovutika maganizo atakhala pa benchi, ndipo ntchito imeneyi, yotchedwa Friendship Bench, lero ikutsanziridwa m'maiko ena. Aphunzitsi anu auzeni za ankhoswe.

Mukadzabwerako, mwina ku Zomba Mental Hospital kapena ku sukulu ina, mudzalandira mayi wachiyao wa ku Domasi amene anayamba wapita kwa shehe, ndi bambo wa ku Jali amene akukhulupirira kuti analodzedwa. Adzabwera ndi abale, ndipo abalewo adzafuna kulowa nawo. Afunseni odwalawo amene akufuna kuti akhalepo, kenaka muyambe ndi kumva momwe iwo akulionera vutolo.